Kodi Njinga Iziyenda Pati Pamsewu?

Aliyense amene anaimapo m'mamawa pafupi ndi mlatho wa pa Shire ku Liwonde amadziwa kuti msewu wa M3 umadzuka ndi njinga. Dzuwa lisanatuluke n'komwe, a makala amakhala atatsika kale, matumba atasanjikizana mpaka wopalasayo osaoneka. Pambuyo pawo pamabwera a kabaza atanyamula amayi opita kusikelo, ana asukulu, ogulitsa nsomba ndi tomato, komanso abambo opita kudimba khasu litamangidwa pakaliyala. Kenaka kumamveka hutala wa lole, ndipo onsewa amabalalikira kufumbi ngati anapiye aona mphamba. Lole ikadutsa, amabwereranso paphula, ulendo n'kupitirira.

Ife amene timathandiza pa nkhani za umoyo mumpingo timakonda kuyamikira njinga. Kupalasa kumalimbitsa mtima ndi miyendo, kumathandiza pa vuto la shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo ndalama ya minibasi imatsala m'thumba. Koma ndife omwenso timanyamula phala kukazonda anthu amene agundidwa ali panjinga.

Chaka chatha tinakazonda bambo wina wa mumpingo mwathu, atathyoka fupa la ntchafu. Ndi munthu wodekha, salawa mowa, wakhala akupalasa zaka zoposa 20, ndipo njinga yake inali ndi mabuleki abwinobwino. Tsikulo ankayenda kumapeto kwenikweni kwa phula, pamene msewu unadyeka. Lole itaimba hutala kumbuyo, tayala lakutsogolo linagwera kudothi. Iye poyesa kukweranso paphula, tayalalo linakodwa pamlomo wa phulalo n'kumugwetsera mumsewu, ndipo galimoto yaing'ono imene inkatsatira loleyo inalephera kuima. Anakhala miyezi osagwira ntchito, munda unachedwa kudzalidwa, ndipo mwana wake wina anakhala pakhomo teremu yathunthu. Ali chigonere anatiuza kuti moyo wake wonse ankadziwa kuti kumapeto kwa phula ndiye malo otetezeka koposa. Ambiri a ife tinkaganizanso chomwecho.

Vutoli si la kwathu kokha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mu lipoti lake la 2023, linanena kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka mwa iwo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Ngozi zapamsewu ndizo zikutsogola kupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Wapanjinga alibe chitsulo chomutchinga ngati wa m'galimoto. Chimene chimamuteteza kwambiri n'chakuti dalaivala amuone msanga ndi kudziwa kumene akulowera, ndipo zimenezi zimadalira malo amene wasankha kuyendapo.

Kumanzere, molowera kumene magalimoto akulowera

Ku Malawi kuno magalimoto amayenda kumanzere, ndipo njinga nayo iyenera kuyenda kumanzere. Komabe pakati pa Balaka ndi Liwonde, kapena pamsewu wa ku Ntaja, sipatenga nthawi kuti mukumane ndi munthu akupalasa kumanja, moyang'anizana ndi magalimoto. Mukamufunsa amati akufuna aziona chimene chikubwera. Langizo limeneli ndi loona, koma ndi la oyenda pansi. Woyenda pansi akaona galimoto amangoponda kamodzi n'kukhala ali kutchire, pamene wapanjinga sangadumphire m'mbali chotero.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Ngati galimoto ikuthamanga makilomita 80 pa ola ndipo inu mukupalasa makilomita 15 pa ola molowera komweko, galimotoyo ikukuyandikirani ndi liwiro la 65. Mukamayang'anizana nayo, liwirolo limaphatikizana n'kukhala 95. Nthawi yoti dalaivala akuoneni imachepa, ndipo kugundana kwake kumakhala koopsa kwambiri. Chinanso, dalaivala amene akutuluka mumsewu wafumbi kulowa mumsewu waukulu chakumanzere amayang'ana kudzanja lamanja, kumene magalimoto akuchokera. Njinga yochokera mbali inayo amaidziwa itafika kale pabampala. Palinso anzanu apanjinga amene akuyenda mbali yoyenera: mukakumana, mmodzi amakakamizika kulowa mkati mwa msewu.

Musakakamire m'mphepete mwenimweni

Kumapeto kwa phula ndi kumene kumasonkhana mchenga, miyala, magalasi osweka ndi minga. Ndi kumenenso msewu umayambira kugumuka mvula ikagwa, moti pakati pa phula ndi dothi pamakhala kaphompho kokwanira kugwetsa munthu. Woyenda pamenepo amakhala akuzemba zinthu nthawi zonse, uku alowa mkati, uku atuluka, ndipo dalaivala wakumbuyo sadziwa kuti achita chiyani. Alibenso kothawira, chifukwa malo onse a kumanzere wawamaliza kale.

Palinso china chimene ambiri sitichiganizira. Maso a dalaivala amakhala pamene pamayenda magalimoto. Chinthu chimene chili kumapeto kwenikweni chimasakanikirana ndi mitengo, mabenchi a malonda ndi anthu oima. Ndipo akaona kuti mwadzipanikiza kumapeto, amaona ngati mwamupatsa mpata, choncho amadutsa osachepetsa liwiro ngakhale kutsogolo kukubwera galimoto ina.

Malo abwino pamsewu wopanda mpata wam'mbali ndi kusiya pafupifupi theka la mita kapena kupitirirako pang'ono kuchokera pamene phula lathera, ngati kutalika kwa mkono wanu, n'kumayenda mowongoka pamzere umodzi. Mukatero tayala limakhala paphula labwino, dalaivala amakuonani patali, ndipo mumatsala ndi malo okhotera kumanzere zinthu zikavuta. Ku Britain, kumene amayendanso kumanzere ngati ife, malamulo apamsewu otchedwa Highway Code atakonzedwanso mu January 2022 analangiza apanjinga kuti pamisewu yodzaza magalimoto asamayandikire m'mphepete kuposa theka la mita, ndipo analangiza madalaivala kusiya mpata wa mamita 1.5 podutsa njinga.

Pamene msewu uli ndi phula kuseri kwa mzere wachikasu, monga m'madera ena a msewu wa Liwonde kupita ku Mangochi kudzera pa Ulongwe, yendani mkati mwa mpata umenewo, pakatikati pake. Mukapeza mbuzi, oyenda pansi kapena galimoto yoima mumpatamo, musangotulukira mumsewu. Chepetsani liwiro, chewukani, ndipo ngati kumbuyo kukubwera galimoto, dikirani idutse.

Lole ikamabwera, sankhani msanga

Malamulo a ku Britain aja amalolanso wapanjinga kuyenda pakati penipeni pa mbali yake ya msewu m'misewu yopanda magalimoto ambiri, pamene magalimoto akuyenda pang'onopang'ono, kapena poyandikira mphambano. Zimenezi zingathandize mkati mwa tawuni ya Balaka pamene magalimoto akukwawa. Koma sitingalangize m'bale wathu aliyense kuti akachite zimenezi pa M1 ku Phalula kapena ku Chingeni, kumene mabasi ndi malole amadutsa ndi liwiro.

Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi yokha. Lole yodzaza katundu imafuna mtunda wautali kuposa galimoto yaing'ono kuti iime. M'lifupi mwake imakwana pafupifupi mamita 2.5, pamene mbali imodzi ya msewu nthawi zambiri siposa mamita 3.5. Malole awiri akamapishana pamsewu wopanda mpata wam'mbali, malo a njinga satsala. Pamwamba pa izo, lole ikamadutsa pafupi mphepo yake imayamba yakukankhirani kunja, kenaka n'kukukokerani kumatayala a ngolo yake.

Choncho kutsika paphula si kulakwa ayi. Chimene chinavulaza m'bale wathu uja n'chakuti anatsika mochedwa, modzidzimuka, ali paliwiro, n'kufunanso kubwerera nthawi yomweyo. Muzichewuka kawirikawiri, ndipo ngati mungathe gulani kagalasi koonera kumbuyo n'kukamanga kuhandulo yakumanja. Mukaona lole kumbuyo ndi galimoto ina kutsogolo, sankhani malo abwino otsikira nthawi ikadalipo, gwirani mabuleki muli paphula, tsikani pang'onopang'ono, ndipo ngati katundu ndi wolemera imani ndithu. Lole ikadutsa musathamangire kukwera, chifukwa kawirikawiri kumbuyo kwake kumakhala magalimoto ena amene sakukuonani. Pobwerera paphula, tayala lilunjike pamlomo wa phulalo, osati kulikhulitsa chammbali. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pamphambano, pasiteji ndi pamlatho

Ngozi zambiri zimachitika pamene njira zakumana. Taganizirani pa Mangochi Turn-off, pamene msewu wa ku Mangochi umapatukana ndi wa M8 wopita ku Balaka, kapena pa Chingeni pamene M8 imalowa mu M1. Malo oipitsitsa oimapo ndi kumanzere kwa lole kapena basi imene ikufuna kukhota. Dalaivala amakhala kudzanja lamanja, ndipo pali malo aakulu kumanzere kwake amene magalasi ake saonetsa. Ngati inu simukuona nkhope yake pagalasi, dziwani kuti nayenso sakukuonani. Lole ikamakhotera kumanzere imayamba yatulukira kumanja, ndipo kampata kamene kamatseguka kamanyenga wapanjinga kuti alowemo. Koma matayala akumbuyo amadula khona, n'kutseka kampata komweko. Khalani kumbuyo kwake mpaka itamaliza kukhota.

Inuyo mukafuna kukhotera kumanja, chewukani, tambasulani dzanja lamanja nthawi ikadalipo, chewukaninso kachiwiri. Ngati msewu ndi wa liwiro, kapena mwanyamula munthu kapena katundu, imani kumanzere, tsikani, n'kuwoloka mukukankha njinga ngati woyenda pansi. Mumataya mphindi imodzi yokha.

Pasiteji za minibasi, monga pa Liwonde, pa Ntaja kapena pa Ulongwe, musadutse pakati pa minibasi ndi m'mbali mwa msewu, pakuti chitseko chimatsegukira komweko ndipo anthu amatsika osayang'ana. Mukamaidutsa chakumanja siyani mpata wa mita imodzi, chifukwa dalaivala angathe kutsegula chitseko chake kapena kunyamuka mwadzidzidzi akaona mnzake akumulanda okwera. Ngati kumbuyo kuli magalimoto, ndi bwino kuima kumbuyo kwa minibasiyo.

Pamilatho yopapatiza ndi pamakalavati mulibe kothawira. Chewukani musanalowepo, ndipo lole ikakhala pafupi ilekeni itsogole. Pamitsetse ndi m'makhona a mapiri a Machinga, pakati pa Zomba ndi Liwonde, njinga yolemedwa imathamanga yokha. Gwirani mabuleki onse awiri musanafike pakhona, ndipo musadule khona polowa mbali ya magalimoto ochokera kutsogolo. Pokwera chitunda, amene akukankha njinga aikankhire kunja kwa phula ngati malo alipo.

Kwathu kuno kumadutsanso njanji yopita ku Nacala kudzera ku Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi, imene pamayenda sitima zazitali za malasha ochokera ku Moatize. Powoloka njanji imani, yang'anani mbali zonse, ndipo tayala lidule njanjiyo molunjika. Mukaiwoloka chopingasa, tayala limaterereka pachitsulo kapena kulowa mumpata wake, makamaka kukagwa mvula.

Katundu amasintha kukula kwa njinga

Njinga yopanda katundu imatenga malo ochepa. Koma mukamanga matumba a makala, malata, matabwa kapena mitolo ya nzimbe mopingasa, njingayo imatambalala kuposa mita imodzi. Tayala likhoza kukhala pamalo oyenera pamene nsonga ya thabwa ili mkati mwa msewu. Mangani katundu wautali motsata kutalika kwa njinga, ndipo kunsonga kwake mangiriranipo kansalu kowala. Katundu akatalika mpaka kukutsekerezani kuona kumbuyo, ndiye kuti mukuyenda modalira makutu okha. Kuli bwino kuyenda maulendo awiri.

Wokwera pakabaza nayenso ali ndi udindo. Amayi amene mumakhala chammbali, miyendo iloze kumanzere, kutali ndi magalimoto, ndipo chitenje chikulungidwe bwino kuti chisalowe m'masipoko. Mapazi a mwana asalendewere pafupi ndi tayala. Wakabaza akamayenda kumanja kapena kuthamangitsana ndi minibasi, muuzeni mwaulemu kuti, "Achimwene, tiyeni kumanzere, sindikuthamangira." Ndalama ndi yanu, ndipo akakana, tsikani mukwere ina.

Tikamayenda pagulu

Loweruka m'mawa popita kukapembedza, pa nthawi ya misonkhano ya misasa, kapena popita kumaliro, timayenda njinga zambiri pamodzi ndipo macheza amakoma. Posakhalitsa timapezeka tayenda atatu mogundizana mapewa, wachitatuyo ali pakati pa msewu. Pamsewu waukulu tiziyenda mondondozana, mmodzi pambuyo pa mnzake, n'kusiyana mpata woti wakutsogolo akagwira buleki wakumbuyo asamugunde. Gulu likakhala lalikulu, ligawidwe m'timagulu ta anthu anayi kapena asanu, kuti galimoto yodutsa izipeza polowera ikakumana ndi inzake. Amene ali kumapeto ndiye maso a gulu, ndipo azichenjeza anzake mokweza lole ikamabwera.

Poyenda ndi mwana amene ali panjinga yakeyake, mwanayo akhale patsogolo, kholo pambuyo pake chakumanja pang'ono. Mukatero mumamuona, mumamulangiza, ndipo dalaivala amayamba waona inu wamkulu. Mwana amene sangathe kuchewuka njinga osakhota, kapena amene miyendo yake sifika bwino pamapedulo, asanapite kumsewu waukulu ayambe waphunzira kumudzi.

Madzulo ndi usiku

Malo abwino pamsewu sathandiza ngati simukuoneka. Msewu wa M8 kuchokera ku Liwonde kupita ku Balaka umaloza chakumadzulo, choncho dzuwa likapendeka limalasa m'maso mwa dalaivala amene ali kumbuyo kwanu. M'mawa zimachitikanso chimodzimodzi kwa olowera ku Liwonde. Mukaona kuti dzuwa likukuthobwani m'maso, dziwani kuti wakumbuyo kwanu akuvutika koposa, chifukwa akuyang'anira pagalasi la fumbi. Nthawi imeneyo talikiranani nawo magalimoto kuposa masiku onse.

M'miyezi ya June ndi July dzuwa limalowa nthawi itangopitirira 5 koloko, ndipo mdima suchedwa. Ambiri a ife timabwerera kunyumba titatseka Sabata, titavala masuti akuda, panjinga yakuda yopanda nyali. Dalaivala amene wathobwedwa ndi nyali za galimoto inzake sangatione mpaka atafika pafupi kwambiri. Njinga ikhale ndi nyali yoyera kutsogolo ndi chonyezimira chofiira kumbuyo, ndipo chisaphimbidwe ndi katundu kapena chovala cha wokwera. Tochi yaing'ono yomangirira kuhandulo ndi kajekete konyezimira zimagulidwa ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi ya thiransipoti ya wodikirira wodwala kuchipatala. Chipewa cholimba chotetezera mutu sichiletsa ngozi, koma chimachepetsa kuvulala kwa mutu mukagwa. Zomvera nyimbo m'makutu ndi foni zidikire mukafike.

Mawu kwa amene timayendetsa galimoto

M'makomo mwathu muli madalaivala a minibasi, a malole, a njinga zamoto ndi ena a galimoto zawozawo. Hutala amachenjeza, koma sachepetsa liwiro la galimoto. Kuimba hutala muli kale pamsana pa munthu kumamudzidzimutsa, ndipo wodzidzimuka amagwera kulikonse. Imbani muli patali, kamodzi, kenaka chotsani phazi pamafuta. Mukaona wapanjinga akuyenda mkati pang'ono mwa phula, si mwano ayi, akupewa maenje amene inu simukuwaona. Ngati kutsogolo kukubwera galimoto, khalani pambuyo pake masekondi ochepa, ndipo mpata ukapezeka mumudutse motalikira ngati mukudutsa galimoto inzanu. Mukangomudutsa musakhotere kumanzere kapena kuima pamaso pake kuti mutenge wokwera. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo amene ali pakaliyala ya kabazayo akhoza kukhala mayi anu.

Tiyambire pakhomo

Luso lalikulu pa zonse tafotokozazi ndi kuchewuka njinga ikuyendabe mowongoka. Ambiri tikachewukira kumanja, njinga nayo imalowera kumanja, komwe kuli magalimoto. Zimenezi zimatheka kuphunzira. Lamulungu likubwerali, jambulani mzere wautali pabwalo la pakhomo kapena la sukulu. Wina apalase motsata mzerewo, wina aime kumbuyo atakweza zala. Wopalasayo achewuke, atchule kuchuluka kwa zalazo, tayala lisanachoke pamzere. Kenaka ayesere kutambasula dzanja limodzi, ndiponso kuima msanga ndi mabuleki onse awiri. Ana amasangalala nawo masewera amenewa, ndipo akuluakulu ambiri amadabwa kuona kuti akulephera. Atsogoleri a achinyamata a Pathfinder angathe kuchita zomwezi ndi magulu awo. M'mera mpoyamba.

Mukatha, yenderani limodzi njira imene mwana wanu amadutsa popita kusukulu kapena kuchigayo. Musonyezeni pamene phula linagumuka, pamene ayenera kutsika n'kukankha, ndi pamene pamaima minibasi. Ngati pali kanjira kam'mudzi kopewa msewu waukulu, asankhe komweko ngakhale katatalikirapo.

M'bale wathu uja anachira, ngakhale amatsimphina pang'ono kukazizira. Anabwerera panjinga yake, pakuti ndi imene imadyetsa banja lake. Tinakumana naye posachedwapa pamsewu wa ku Balaka, kagalasi kali kuhandulo, akuyenda mkono umodzi kuchokera m'mphepete mwa phula. Lole itatulukira patali kumbuyo kwake, tinamuona akuchewuka, n'kutsika pamalo osalala, phazi n'kuponda pansi. Anadikira lole ija ndi magalimoto awiri amene ankaitsatira, kenaka anakweranso n'kumapita.